Asilikali amapita kukafera chiyani: demokalase kapena mafuta?

Nachisale: Akuluakulu, ndili ndi funso lomwe landikhala pamtima. Mu March 2003 America ndi Britain adatumiza asilikali ku Iraq. Poyamba ankati Saddam Hussein, mtsogoleri wa dzikolo, ali ndi zida zoopsa zotha kupulula anthu miyandamiyanda nthawi imodzi. Zidazo sizidapezeke. Kenako nyimbo idasintha, akuti tikupititsako demokalase. Koma pafupi pomwepo pali Saudi Arabia, dziko lomwe mfumu yake sidavoteredwepo ndi munthu, ndipo kumeneko America imagulitsako ndege zankhondo. Ndiye msilikali akamatsanzika mkazi ndi ana, amakhala akupita kukafera chiyani kwenikweni? Odziwa tithandizeni, koma chonde tisatukwanane.

Mbewe wa ku Joni: Anachisale, apa palibe chovuta. Ndi mafuta basi. Mzinda wa Baghdad utagwa pa 9 April 2003, anthu adathyola maunduna, zipatala ndi nyumba yosungiramo zinthu zamakedzana, nkututa katundu dzuwa likuswa mtengo. Asilikali a America ankangoyang'ana. Koma pa unduna wa za mafuta adaikapo akasinja kuti aulondere. Kampani ya Halliburton, yomwe Dick Cheney adaitsogolera kuyambira 1995 mpaka 2000 asanakhale wachiwiri kwa pulezidenti, idapatsidwa ntchito yokonza zitsime za mafuta popanda kupikisana ndi wina aliyense. Ngakhale Alan Greenspan, yemwe adayendetsa banki yaikulu ya America zaka zambiri, adalemba mu 2007 kuti nkhondo ija kwakukulu idali ya mafuta. Mwini wake wanena yekha, ife tikanirenji?

Aphiri a ku Zomba: Achimwene a Mbewe, zonse mwatchulazo nzoona, koma zikusiya mafunso. Ngati cholinga chidali kulanda zitsime, bwanji mu 2009, pomwe boma la Iraq lidagulitsa ziphaso pa mpikisano, makampani a America sadatenge zonse? Chitsime chachikulu cha Rumaila chidapita kwa BP limodzi ndi CNPC ya ku China. West Qurna 2 idapita kwa Lukoil ya ku Russia, dziko lomwe lidatsutsa nkhondoyo. Majnoon idapita kwa Shell ndi Petronas ya ku Malaysia. ExxonMobil idapezako West Qurna 1, inde, koma lero China ndi imodzi mwa maiko omwe amagula mafuta ambiri a Iraq, chonsecho sidatumizeko msilikali ndi mmodzi yemwe. America idataya asilikali pafupifupi 4,500 ndi madola mabiliyoni mazanamazana. Akadafuna mafuta okha, kugula kwa Saddam kukadawatchipira. Tisaiwalenso mantha omwe adagwira dzikolo pambuyo pa 11 September 2001, pomwe zigawenga zidalanda ndege nkuziombetsa pa nyumba ku America, komanso kuti Saddam sadali mngelo. Mu March 1988 adathira mpweya wa poizoni pa mzinda wa Halabja, anthu pafupifupi 5,000 a mtundu wa Kurd nkufera pomwepo, ambiri amayi ndi ana.

Mbewe wa ku Joni: Aphunzitsi, nkhani ya Halabja ikundithandiza ine. Nthawi imeneyo Saddam adali bwenzi lawo chifukwa ankamenyana ndi Iran. Donald Rumsfeld, yemwe adadzayendetsa nkhondo ya 2003 ngati nduna ya chitetezo, adapita ku Baghdad mu December 1983 nkukagwirana naye chanza. Anthu ataphedwa ku Halabja palibe adatumiza msilikali. Saddam adasanduka chilombo pa 2 August 1990, tsiku lomwe adalowa m'Kuwait nkuyandikira zitsime za Saudi Arabia. Nanga za 11 September, mwa anthu 19 omwe adalanda ndege zija, 15 adali a ku Saudi Arabia. Wa ku Iraq padalibe.

Kamwendo: Ndilowererepo pang'ono. Ndikuona ngati nonse awiri mwagwira mbali imodzi ya chinthu chomwecho. A Phiri akunena zoona kuti America sidapite ndi zigubu kukatunga mafuta a Iraq nkupita nawo kwawo. Koma dziko lamphamvu silifuna kwenikweni kukhala mwini chitsime. Limafuna kuti mafuta asaleke kuyenda, mtengo usapenge, ndipo munthu yemwe sagwirizana nalo asakhale ndi mphamvu yotseka mpopi. Mtengo wa mafuta ndi umodzi dziko lonse. Ku Gulf kukavuta, woyendetsa galimoto ku Texas amalira ngakhale petulo wake achokere ku Canada.

Izi sizobisika. Mu January 1980 Pulezidenti Jimmy Carter adauza nyumba ya malamulo ya kwawo kuti dziko lililonse lakunja lofuna kulamulira chigawo cha Persian Gulf lidzatengedwa kuti laputa America, ndipo lidzabwezedwa ngakhale ndi nkhondo. Demokalase sadaitchule ngati chifukwa. Pa kampata ka nyanja ka Hormuz pamadutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mafuta omwe dziko lonse limagwiritsa ntchito, nchifukwa chake zombo zankhondo za America zili ndi likulu ku Bahrain, komwenso kumalamula mfumu. Ubale ndi Saudi Arabia udayamba kale, mu February 1945, Franklin Roosevelt atakumana ndi Mfumu Ibn Saud pa sitima yankhondo ya USS Quincy. Kuyambira pamenepo mgwirizano ndi womwewo: inu tulutsani mafuta, ife tikutetezani, za m'nyumba mwanu sitifunsa. Akuluakulu adati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mafumu a ku Gulf adakhala pamkhate, ndipo amadziwa.

Nachisale: A Kamwendo, ndiye kuti demokalase imangotchulidwa pofuna kutiphimba m'maso?

Kamwendo: Mayi, sindinganene kuti onse ankanama. Alipo ena ku Washington omwe ankakhulupiriradi kuti Iraq ikavota, maiko oyandikana nawo atsatira. Koma yang'anani zomwe zimachitika demokalase ikawombana ndi mafuta. Ku Iran nduna yaikulu Mohammad Mossadegh, yemwe adaikidwa ndi nyumba ya malamulo, adatenga mafuta a dzikolo m'manja mwa Anglo-Iranian Oil Company mu 1951 nkuwapanga a boma. Kampani imeneyo ndi yomwe lero timaitcha BP. Mu August 1953 akazitape a Britain ndi America adamugwetsa nkulimbitsa Shah, mfumu ya dzikolo, yemwe adalamula mwankhanza mpaka 1979. Bungwe la akazitape a America la CIA lidavomera poyera mu 2013 kuti lidachita nawo zimenezi. Anthu a ku Iran sadaiwale, ndipo udani womwe tikuuona lerowu mizu yake ili pamenepo.

Sajeni Wopuma: Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Mukukamba za akuluakulu a m'maofesi. Ine ndikambe za munthu wovala jombo.

Ndidali m'gulu lomwe lidatumizidwa ku Mozambique chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kukalondera njanji ya ku Nacala. Nthawi imeneyo nkhondo ya Frelimo ndi Renamo idali itatseka njira zathu zonse zachidule zopita kunyanja, katundu ankazungulira ku Durban, ndipo mtengo wa chilichonse udakwera. Sitima ikamanyamuka ku Nayuchi kulowera ku Cuamba, kutsogolo kwa injini ankaikako mabogi oti bomba likaphulika ayambe ndi iwo. Ife tinkakhala pamatumba a mchenga, mfuti pamiyendo, maso ali kutchire. Sitima inkayenda pang'onopang'ono moti munthu ukadatha kutsika nkumaitsatira wapansi. Pena tinkapeza njanji yazulidwa, zitsulo zataidwa m'thengo, ndiye tinkagona pomwepo kudikira okonza. Anzathu ena sadabwerere.

Palibe adatiuza kuti tikukafera demokalase. Kwathu komwe kudalibe, chipani chidali chimodzi. Tinkadziwa kuti tikulondera njira ya feteleza, mafuta ndi fodya. Ndipo ndikuuzeni, zimenezo sizidandipweteke mtima, chifukwa zidali zoona, ndipo feteleza ameneyo ankapita m'munda mwa mayi anga. Chomwe chimapweteka msilikali ndi kuuzidwa china pomwe akufera china. Mnyamata wa ku America yemwe adafera ku Fallujah, ku Iraq, mu 2004 adauzidwa za zida zomwe kudalibe.

Chinanso, pankhondo munthu suganiza za mbendera. Umaganiza za mnzako ali pambali pakoyo. Mudamva za Chancy Chitete, msilikali wathu yemwe adaphedwa pafupi ndi Beni ku Congo mu November 2018 akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania yemwe adavulala. United Nations idamupatsa mendulo ya Captain Mbaye Diagne mu 2019. Adabwerera pomwe zipolopolo zinkagwa chifukwa mnzake adali pansi.

Nachisale: Zikomo bambo, mwatiphunzitsa. Mulungu akusungeni.

Mbewe wa ku Joni: Ulemu wanu a Sajeni. Koma poti mwatchula Congo, nakonso nkhani ndi ya miyala. Gulu la zigawenga la M23 lidalanda tauni ya Rubaya mu 2024, komwe kumakumbidwa mwala wa coltan wa m'mafoni tikulemberawa. Mu January 2025 pomwe ankalanda Goma, asilikali athu atatu adaphedwa, a kuno ku South Africa 14. Kuno anthu adakwiya kwambiri, ankafunsa kuti ana athu akutetezako chiyani.

Sajeni Wopuma: Mwana wanga, miyala ndi yomwe imadyetsa nkhondo ya ku Congo, sindikutsutsa. Koma Malawi alibe mgodi ku Kivu. Anyamata athu adapitako pansi pa United Nations kenako pansi pa SADC, ndipo m'midzi yomwe adaima anthu ankagona m'nyumba zawo. Musawaike m'thumba limodzi ndi omwe amapita kukalondera chitsime cha kampani. Ngati mukufuna kukamba za ndalama, kambani mwachilungamo: United Nations imalipira boma lotumiza asilikali madola oposa 1,400 pamwezi pa msilikali aliyense, ndipo mnyamata akabwerako amamanga nyumba ya malata. Nchifukwa chake ambiri amalakalaka dzina lawo litatuluka. Umphawi nawo umatumiza anthu kunkhondo.

Aphiri a ku Zomba: Mfundo yomalizayi ndi yakale kuno kwathu. Mu November 1914 John Chilembwe adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda akutengedwa kukafera nkhondo yomwe sadziwa chiyambi chake. Maganizo ake adali akuti olemera, eni mabanki ndi eni minda ndiwo apite akaomberedwe, osati amphawi omwe akafa amasiya amasiye opanda kanthu. Boma la atsamunda lidaletsa kalatayo. Chipilala cha KAR (King's African Rifles, gulu la asilikali la atsamunda) chili kuno ku Zomba chimakumbutsa anthu omwe adapita ngakhale iye adachenjeza. Ndimachidutsa kawirikawiri ndipo ana asukulu ambiri sadziwa kuti ncha chiyani.

Nangondo UK: Ndiwonjezere za kuno. Anthu amaganiza kuti dziko la demokalase silingapite kunkhondo yabodza, koma Britain idapita kudzera m'njira zonse zoyenera. Pa 15 February 2003 anthu pafupifupi miliyoni adayenda m'misewu ya London kukana nkhondo. Robin Cook adatula pansi udindo wake m'boma la Tony Blair. Komabe pa 18 March aphungu adavota, 412 kuvomera, 149 kukana. Asilikali 179 a Britain adafera ku Iraq. Lipoti la Chilcot, lofufuza za nkhondoyo, lidatuluka mu July 2016, patatha zaka 13, nkunena kuti njira zamtendere zidali zisanathe komanso kuti nkhani ya zida ija idaperekedwa motsimikiza kuposa umboni womwe udalipo. Palibe adamangidwa.

Kuntchito kwanga ndidasamalirapo bambo wina yemwe adali msilikali ku Basra, ku Iraq. Thupi lake lidali lathunthu, koma chitseko chikamenyeka ankagwa pansi nkubisa mutu. Mkazi wake ankayenda ndi kamndandanda m'chikwama ka zinthu zoti anamwino tisachite: osamudzutsa pomugwira phewa, osaima kumbuyo kwake, osatseka makatani masana. Anthu otere sawerengedwa pa 179 paja.

Aphiri a ku Zomba: Achemwali, ndi zomvetsa chisoni. Koma tinenenso kuti ku Britain lipotilo lidatuluka, Blair adaitanidwa nkufunsidwa pamaso pa anthu. Ku Russia ndani angaitane Putin kuti afotokoze za Ukraine? Ndipo anthu a ku Iraq adavotadi pa 30 January 2005, tidaona zala zawo za inki pa TV, akuvota mabomba akuphulika. Mpaka lero amavota.

Nangondo UK: Amavota, aphunzitsi, koma pamtengo wanji? Anthu wamba oposa 100,000 adaphedwa, ndipo kumeneko nkuwerenga kotsika. Paul Bremer, yemwe America idamuika kulamulira Iraq, adathetsa gulu lonse lankhondo la Iraq mu May 2003, amuna mazana a masauzande odziwa mfuti nkukhala opanda malipiro. Ena mwa iwo adadzapezeka m'gulu la zigawenga la ISIS lomwe lidalanda mzinda wa Mosul mu June 2014. Kofi Annan, mlembi wamkulu wa United Nations nthawi imeneyo, adanena mu September 2004 kuti nkhondoyo idaphwanya malamulo a United Nations. Kufunsa munthu mafunso patatha zaka sikudzutsa akufa.

Kamwendo: Pali mbali ina yomwe sitinaikhudze, ndipo kwa ine ndi yaikulu kuposa ya asilikali akunja. Mafuta amadwalitsa demokalase m'dziko momwe akutulukamo, ngakhale popanda mlendo wobwera ndi mfuti. Boma lomwe limadalira msonkho limayenera kupita kwa anthu ake kukapempha, ndipo wokhoma msonkho amafunsa kuti ndalama yanga yapita kuti. Boma la mafuta silisowa munthu. Ndalama imachokera ku kampani nkulowa mosungira chuma cha boma, mtsogoleri nkulipira asilikali ndi apolisi, kugula otsutsa, kugawira abale ntchito. Anthu akakwiya, ali ndi ndalama zowakhalitsira chete kapena zowaombera.

Teodoro Obiang wakhala pampando ku Equatorial Guinea kuyambira 1979. José Eduardo dos Santos adalamula Angola kuyambira 1979 mpaka 2017, mwana wake Isabel nkumuika kukhala mkulu wa Sonangol, kampani ya mafuta ya boma. Ku Nigeria boma la Sani Abacha lidanyonga Ken Saro-Wiwa ndi anzake asanu ndi atatu pa 10 November 1995, anthu omwe ankadandaula za kuwonongeka kwa dera la Ogoni chifukwa cha mafuta. Iraq yomwe ikuvotayo, pafupifupi 90 peresenti ya ndalama za boma imachokera ku mafuta, zipani zimagawana maunduna, ndipo ku Basra komwe kuli zitsime magetsi amazimazima nyengo yotentha. Achinyamata atatuluka m'misewu mu October 2019 kufuna ntchito, mazana adaphedwa.

Mai a Tadala: Nanga Norway bwanji? Si ya mafuta nayonso?

Kamwendo: Ndi ya mafuta, mayi, koma adawapeza mu 1969, ali kale ndi makhoti, nyuzipepala ndi nyumba ya malamulo zolimba. Ndalamazo adazitsekera m'thumba lapadera, ndipo boma limangotapako pang'ono pachaka motsata lamulo. Chomwe chidayamba kufika ndicho chimalamula chinzake.

Che Yusufu: Apa ndiye mwandiopsa. Ine ndine wa kunyanja. Mu 2011 boma lidapereka chiphaso kwa kampani ya Surestream kuti ifufuze mafuta m'nyanja yathu. Chaka chotsatira Tanzania idadzutsa nkhani ya malire, nkumati chakumpoto malire amadutsa pakati pa nyanja, ife nkumaloza pangano la Heligoland la 1890. Mkangano udagona zaka zambiri, udadzuka ndi fungo la mafuta omwe ngakhale dontho lake palibe adaliona. Anthu a ku Karonga ndi ku Nkhata Bay adayamba kumva mphekesera za nkhondo. Asodzi sadafunsidwe kanthu. Mafuta akatayikira m'nyanja muja, madzi ake satuluka msanga, potulukira ndi Shire yekha. Usipa ndi chambo zikatha tidzadya chiyani?

Mai a Tadala: Che Yusufu, mantha anu ndikuwamva, komanso kusowa mafuta kwatizunza. Tagonapo pamizere ya pa filling station ndi ana kumbuyo. Pa 20 July 2011 anthu adatuluka m'misewu, kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kuli pakati pa madandaulo, ndipo anthu 20 adaphedwa. Ndiye ena akamati tikumbe athu, sindiwaona ngati openga. Changa nchakuti mapangano ake awerengedwe m'Nyumba ya Malamulo, pawailesi, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, tisanamve kuti adasaina kale. Chimodzimodzi potumiza asilikali kunja: aphungu akambirane poyera, atiuze akupita kukatani, abwera liti, ndipo akafa ana awo awasamala ndani.

Nangondo UK: Ndikugwirizana nanu, koma kumbukirani kuti aphungu a kuno adakambirana tsiku lonse nkuvomera. Ngati zomwe apatsidwa patebulo nzabodza, voti yawo imangodalitsa bodzalo. Pamafunika atolankhani ndi aphungu oti aumirire kuona umboni weniweniwo.

Aphiri a ku Zomba: A Mbewe, ndikufunseni chimodzi. Afghanistan ilibe mafuta otchuka, koma America idakhalako zaka 20. Kosovo mu 1999 idalibe, koma America idamenyako nkhondo. Mukuzifotokoza bwanji?

Mbewe wa ku Joni: Sindikuti nkhondo iliyonse ndi ya mafuta, aphunzitsi. Ndikuti mafuta ndi omwe amasankha komwe chifundo chawo chithamangire. Ku Rwanda mu 1994 anthu pafupifupi 800,000 adaphedwa m'masiku 100, ndipo United Nations idalamula kuti asilikali ake achepetsedwe kufika pa 270 kupha kuli mkati. Ku Libya, komwe kuli mafuta, mu 2011 chigamulo cha United Nations chololeza kugwiritsa ntchito mphamvu chidadutsa pa 17 March, pa 19 March ndege zidali zitayamba kale kuponya mabomba. Gaddafi adaphedwa mu October chaka chomwecho, ndipo mpaka pano dzikolo lili ndi maboma awiri olimbirana zitsime.

Wa ku Angónia: Abale, moni kuchokera tsidya lino. Simukusowa kupita ku Iraq, bwerani ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique. Zigawenga zidayamba kuwombera ku Mocímboa da Praia mu October 2017. Kwa zaka zoposa zitatu anthu ankadulidwa mitu m'midzi, mazana a masauzande nkuthawira ku Pemba ndi ku Nampula, dziko lapansi lili phee. Mu March 2021 zidalowa m'tauni ya Palma, pafupi ndi Afungi pomwe kampani ya Total ya ku France imamanga malo a gasi a madola 20 biliyoni. Mu April kampaniyo idaimitsa ntchito. Mu July asilikali ndi apolisi 1,000 a Rwanda adali atafika, ndipo adalunjika ku Palma ndi ku Mocímboa, maboma ozungulira gasiyo. A SADC adapatsidwa madera ena monga Macomia. Kenako European Union idapereka mayuro 20 miliyoni othandizira asilikali a Rwanda.

A Sajeni, sindikunyoza asilikaliwo. Adamenya nkhondo, Mocímboa idalandidwanso mu August 2021, ndipo anthu ambiri adabwerera kwawo chifukwa cha iwo. Wothawa nkhondo safunsa kuti wamupulumutsayo watumidwa ndi ndani. Koma zigawenga zidangosunthira kummwera, kumidzi yopanda gasi, ndipo kumeneko thandizo silithamanga chimodzimodzi.

Za demokalase ndiye musafunse. Titavota mu October 2024, Daniel Chapo wa Frelimo adalengezedwa wopambana, otsatira Venâncio Mondlane adakana zotsatirazo, ndipo mabungwe omwe ankawerenga akuti anthu oposa 300 adaphedwa pa zionetsero m'miyezi yotsatira. Malori a mafuta opita ku Malawi adaima panjira ya ku Beira, mudaziona nokha pamapampu. Maiko omwe adalipira asilikali olondera Afungi adangotulutsa zikalata zodandaula, ndipo Chapo adalumbiritsidwa mu January 2025.